Maselo Amene Anakana Kufa

Lamulungu m'mawa banja lonse linali patebulo, kumwa tiyi ndi buledi wadzulo. Mwini nyumba, wowotcherera zitsulo, anali atavala kale malaya akutchalitchi, koma kumapazi anali akadali ndi patapata. Mlongo wake, amene ankagwira ntchito pa saluni, ankaluka tsitsi la kamtsikana ka m'nyumbamo, ndipo kamwanako kankalira pang'ono, n'kuluma buledi, n'kuliranso. Mayi wa kamwanako anakhala chakukhomo, chikwama chakuntchito chili pamiyendo.

Kuntchito ankamutcha Mlezi, ndipo dzinalo linamutsatira mpaka kunyumba. Ntchito yake inali yolera maselo, tinthu tosaoneka ndi maso timene timapanga thupi la munthu. Ankawalera m'mabotolo apulasitiki athyathyathya, m'nyumba ina yofufuzira matenda. Maselowo anatengedwa m'thupi la munthu wina kalekale, iye asanabadwe n'komwe, koma mpaka lero ankaswanabe, bola awathirire madzi awo ofiira ndi kuwasunga pofunda.

"Alamu, ndiye kutchalitchi lero ayi?" anafunsa mlamu wakeyo, chipeso chili pakamwa.

"Ndikawaone kaye ana aja. Iwo Lamulungu salidziwa."

"Ana osalira, osakodza, osafuna yunifolomu! Achimwene, akazi anu ali ndi banja lina m'tauni muno, inu mwangoti phee."

"Bola ndi banja la m'botolo," anayankha mwamunayo. "Likanakhala lovala thalauza, bwenzi nditapitako kale ndi chitsulo chamoto."

Onse anaseka, kamwana komwe kanaseka misozi ili m'masaya. Koma mlamuyo, akukoka chingwe cha tsitsi, anaponya diso m'chiuno mwa Mlezi.

"Siketi imeneyo yayamba kukuthinanitu. Kaya ndi buledi yemweyu."

Mwamunayo anayamba kutakasa tiyi amene anali atamutakasa kale. Mlezi anali ndi pakati pa miyezi isanu, ndipo ankadziwa ndi awiri okha. Chaka chathachi anafulumira kuuza anthu, abale n'kubwera ndi timalaya ndi mabeseni, kenako anapita padera. Kubweza zinthu zija kunali kowawa kuposa kuchipatala. Ndiye ulendo uno anagwirizana zongokhala chete mpaka mimbayo idzadzinenere yokha. Kuntchito gauni yoyera yotaya inkamubisira. Lamulo la kumeneko linali lakuti woyembekezera azinena msanga kuti amuchotse m'chipinda cha maselo, koma sabata iliyonse iye ankati adzanena sabata inayo.

Atanyamuka, mwamuna wake anamuperekeza mpaka pageti.

"Thupi lili bwanji? Kutentha kuja sikunabwererenso?"

"Zinatha kalekale zija. Totupa tomwe tinazimirira. Inu kazipitani, muchedwa."

Kuntchito anapeza mlonda yekha, atatsamira khoma, wailesi ili pabondo. Khonde lalitali linali zii. M'chipinda cha maselo munkangomveka kulira kwa mafiriji, ndi fungo la sipiriti limene silichoka ngakhale mutsegule mawindo. Anavala gauni ndi magolovesi, n'kutsegula chofungatira, kabati yachitsulo yonga firiji, koma m'kati mwake mofunda ngati m'khwapa. Mpweya wachinyezi unamuwomba kumaso.

Abwana ake, Mayi Pulofesa, ankafufuza za intafeloni. Mlezi anamufotokozerapo mwamuna wake tsiku lina kuti intafeloni ndi mkuwo. Selo likalowedwa ndi kachilombo kotchedwa vairasi, lisanafe limatulutsa timadzi timeneti, ndipo anzake oyandikana nalo akatilandira amadziwa kuti kwabwera chilombo. Amatseka zitseko, amaleka kuswana, monga anthu amaleka kupita kumunda akamva kuti m'dera mwalowa fisi wolusa. N'chifukwa chake maselo opatsidwa intafeloni amakula mwaulesi, koma vairasi ikafika imapeza pokhoma ponseponse.

Poyesa zimenezi ankagwiritsa ntchito mbale yapulasitiki ya timaenje, yonga thireyi ya mazira koma yaing'ono. M'dzenje lililonse ankadzalamo maselo. Mizere yakumtunda ankaithira intafeloni, wina wambiri, wina wochepa, koma mzere womalizira sankauthira kanthu. Kenako onse ankawathira vairasi yoyesera, yofatsa kwa anthu koma yolusa kwa maselo a m'mbale. Ntchito ya mzere womalizirawo inali kufa basi, kuti anthu aone kusiyana kwake.

Nthawi yoona mbale za sabata imeneyo inali itakwana. Anatsanula madzi ake, n'kuthiramo jivi, yemwe uja wopaka pa zilonda. Maselo amoyo amagwira mtundu wa jiviyo, koma akufa amakokoloka potsuka, dzenje n'kutsala mbee. Anadikira pang'ono, anatsukuluza pa sinki, n'kuikweza mbaleyo chakuwindo.

Maenje onse anali bii, kuyambira kumtunda mpaka mzere womalizira.

"Aa, iwe Mlezi, wasokoneza," anadziuza yekha. Mwina tsiku lija dzanja linapitirira, n'kuthira intafeloni ponseponse. Masiku amenewa mutu unkamuiwalitsa zinthu, mchere amauthira kawiri. Anatenga mbale yachiwiri, imene anaikonza tsiku lina. Anathira jivi, anatsuka, anakweza. Chimodzimodzi.

Ndiye kapena vairasi ija yatha mphamvu m'firiji? Zimachitika. Anapita m'kachipinda ka pambali, mmene munali chofungatira china chaching'ono cha Mayi Pulofesa. M'menemo munali mbale ya maselo a mtundu womwewo, koma ongosungunulidwa kumene kuchokera mu ayezi, amene anali asanagonepo m'chofungatira chachikulu chija. Vairasi yake inali yomweyo, ya m'kabotolo kamodzi. Atatsuka mbale imeneyo, mzere womalizira unatuluka woyera mbee, monga mwa nthawi zonse.

Anabwerera m'chipinda chake akuyenda pang'onopang'ono. Anatulutsa botolo limodzi la maselo ake, amene sanathiridwepo intafeloni kapena vairasi, n'kuliika pa maikulosikopu, makina oonera tinthu tosaoneka ndi maso. Maselo anali amoyo ndithu, atayala pansi mwaudongo, osakwinyika. Koma anali patalipatali, ngati chimanga chomera panthaka yoguga. Timaselo tobulungira, timene timaoneka pamene selo likugawika pawiri, anachita kutisakasaka. Kale botolo lotere linkadzaza msanga, iye n'kumavutika kuwapatulira m'mabotolo atsopano. Kwa milungu ingapo tsopano ankachedwa kudzaza, ndipo iye ankanamizira madzi awo, ankati mwina agula osakoma.

Maselo okula mwaulesi, okana vairasi. Anali kuchita zonse zimene maselo opatsidwa intafeloni amachita, koma iye sanawapatse. Ndiye kuti ankadzipangira okha. Ndipo selo silikuwa popanda chimene chalilowa.

Anachotsa maso pa makinawo n'kuyang'ana shelefu yapamwamba ya chofungatira. Inali yopanda kanthu tsopano, koma mwezi wathawo sinali choncho.

M'nyumba imeneyo anthu ankabwerekana zinthu ngati anansi opalana moto. Uyu akasowa magolovesi ankatsika masitepe, uyo akasowa ayezi ankakwera. Wobwereka kwambiri anali bambo wina wa chipinda chapamwamba, amene anthu anangomupatsa dzina loti a Ndibwerekeko. Chofungatira chawo chitawonongeka, anatsika atanyamula mabotolo awo m'bokosi, akumwetulira.

"Mlezi, mnzako akapsa ndevu m'zimire. Angogona pano mpaka amakaniko abwere."

Amakaniko anachedwa. Mabotolowo anakhalitsa pashelefu yapamwambayo, zivindikiro zili zomasula pang'ono monga amachitira kuti maselo apume. Masana ena a Ndibwerekeko ankabwerekanso kabati yagalasi ya Mlezi yogwiriramo ntchito, ndi botolo lake la madzi ofiira. Pamabotolo awowo panangolembedwa manambala, ndipo Mlezi sanafunse, poti munthu sufunsa mnansi kuti moto wapalawo akukaphikira chiyani. M'mawa wina anapeza botolo lawo limodzi litapendekeka, madzi ake atadontha mpaka pa mabotolo a iye amene anali pansi. Anapukuta ndi sipiriti, mutu uli m'kati mwa chofungatira, akupuma mpweya wofunda uja. Kutentha thupi ndi totupa tija zinabwera patapita masiku ochepa, ndipo iye anangoti ndi za mimba.

Anavula magolovesi, anasamba m'manja nthawi yaitali, n'kuimbira foni Mayi Pulofesa.

Mayiwo anafika asanasinthe zovala zakudimba, nsapato zili ndi matope. Anali mayi wamkulu thupi, wosachuluka mawu. Anakweza mbale zitatu zija chakuwindo imodziimodzi, n'kuyang'ananso pa maikulosikopu.

"Ayamba liti kuchedwa kukula?"

Mlezi anawauza zonse, za shelefu yapamwamba ndi za botolo lodontha lija. Za kudwala kwake sananene. Mayi Pulofesa anatulutsa foni yawo.

A Ndibwerekeko anabwera atavala suti, akuchokera ku tchalitchi, akupukuta thukuta ndi mpango.

"Mayi, mwandichotsa pakati pa nyimbo! Ngati ndi za sipiriti ndinabwereka uja, ndibweza, ine si wakuba. Mlezi, wandinenera chiyani kwa abwana?"

"M'mabotolo mwanu muja munali chiyani?" anafunsa Mayi Pulofesa.

"Aa, zazing'ono, Mayi. Tinkayesa kudzutsa kachilombo kuchokera m'magazi a odwala. Koma sikanadzuke n'komwe. Maselo anga sanafe ngakhale limodzi, ndinangowataya onse."

"Sanafe."

"Ngakhale limodzi."

"Awanso sanafe," anatero Mayi Pulofesa, n'kuwapatsa mbale ija. "Mzere wapansiwo mulibe intafeloni."

Bamboyo anaiyang'ana mbaleyo, kumwetulira kuja n'kumachoka pang'onopang'ono. Anali munthu wodziwa ntchito yake, sanafunike kuuzidwa kawiri. Anaiika pa tebulo mosamala ngati ingaphulike.

"Magazi a odwala satsika masitepe amenewo, mukudziwa bwino," anatero Mayi Pulofesa, osakweza mawu. "Za zimenezo tikambirana mawa. Panopa ndiuzeni, odwala ake ati?"

"Amayi a ku chipatala cha azimayi. Anabwera angapo ndi nkhani yofanana. Anatentha thupi ali oyembekezera, totupa pakhungu, masiku ochepa n'kuchira, osaganizanso kanthu. Koma ana awo akubadwa ang'ono kwambiri, ngati sanakwane masiku pamene anakwana. Madokotala anatipempha tione ngati pali vairasi. Sitikudziwa, Mayi. Mwina si vairasi n'komwe."

Mlezi anamva kamwana kakugwedezeka m'mimba, pang'ono chabe, ngati kansomba kakhudza mwendo m'madzi. Anagwira m'mphepete mwa sinki.

"M'chipinda muno mumalowa ndani wina?" anafunsa Mayi Pulofesa.

"Ine ndekha, ndi iwowa."

"Pali amene anadwalapo?"

"Ine ndinatentha thupi, Mayi. Ndi totupa tomwe. Zinatha zokha."

"Chabwino. Mawa mukapereke magazi, tingotsimikiza. Poti munachira, sindikuona choti..."

Mlezi anali atayamba kumasula mabatani a gauni yake. Anamasula onse, n'kuikankhira kumbuyo, kusiya siketi yothina ija poyera. Mayi Pulofesa anayang'ana mimba ija. A Ndibwerekeko anakhala pampando wapafupi, mpango uli kukamwa.

"Miyezi ingati?"

"Isanu."

"Iwe mwana iwe," anatero Mayi Pulofesa motsitsa, ndipo aka kanali koyamba kumutchula choncho. Sanamukalipire. Anamugwira pamkono n'kumutulutsa pakhonde, ngati akutulutsa mwana m'nyumba yofuka utsi.

"Tamvera. Chimene tikudziwa n'chakuti m'maselo muja muli chinachake. Sitikudziwa ngati chachokera m'magazi aja. Mwina ndi kachilombo kena kopanda ntchito kamene kamangovutitsa maselo a m'botolo. Mwinanso kudwala kwako kunali chimfine wamba. Madzi a m'mabotolomo ndisungako pang'ono, tiwatumiza kwa amene ali ndi makina oti atiuze dzina lake. Zitenga nthawi, sindikunamiza. Iwe m'chipinda muno usalowenso. Mawa m'mawa upite kusikelo, ukawauze zonse, ine ndiwaimbira madokotala lero lomwe."

"Nanga maselo aja?"

"Amenewo ndi anga tsopano."

Mlezi anaima pakhonde n'kumaonera pa kagalasi ka pachitseko. Mayi Pulofesa anavala gauni ziwiri, chophimba kukamwa ndi magalasi. Anatulutsa mabotolo onse m'chofungatira, n'kumatsegula limodzilimodzi m'kabati yagalasi, kuthiramo bulichi, mankhwala ophera tizilombo. Madzi ofiira aja ankasanduka otuwa nthawi yomweyo. Ena mwa maselowo Mlezi anali atawalera kuyambira kamtsikana kake kakuyamwa. A Ndibwerekeko ankalandira mabotolowo n'kumawaika m'thumba lachikasu, jekete la suti atalipachika pa chitseko, osanena nthabwala ngakhale imodzi.

Mlezi anafika kunyumba dzuwa litapendeka. Mwamuna wake anali pabwalo, akuwongola mwendo wa mpando wachitsulo. Kamtsikana kanathamanga kudzamukumbatira, mutu uli ndi tingongo tatsopano, ndipo Mlezi anayamba wabweza manja kumbuyo asanakumbukire kuti ngati chilombo chija chinalipo m'thupi mwake, chinadutsa kale. Anakanyamula, n'kukatuma kuti kakaonetse tsitsilo kwa anzake.

Anakhala pa sitepe n'kufotokoza zonse, kuyambira pa mbale zija. Mwamunayo anamvetsera nyundo ili m'manja.

"Ndiye tinene kuti chili mwa inu?"

"Sindikudziwa. Ngati chinalowa, thupi langa linachithamangitsa. Kutentha kuja n'kumene kunali kulimbanako."

"Basi ndiye bwino. Si mwati mankhwala anu aja amateteza? Thupi lanu linapanga, linateteza nonse awiri."

Mlezi anayang'ana manja ake, mmene jivi anali atatsalira m'mbali mwa chikhadabo. Anafuna kuvomera kuti mwamunayo apume. Koma ntchito imeneyi anaigwira zaka zambiri, ndipo ankadziwa zimene mkuwo uja umauza maselo. Kwa munthu wamkulu, kuleka kuswana masiku ochepa si kanthu. Koma uyu wa m'mimbayu ntchito yake inali imodzi yokha.

"Amateteza, inde," anatero. "Koma amaletsanso kukula. Zonse ziwiri amachita pamodzi, sasankha."

Mwamunayo anaika nyundo pansi. Anayang'ana mpando uja ngati waiwala chimene amaukonzera.

Pakhomo panali pataima mlamu wa Mlezi, mbale yotsuka ili m'manja. Kaya anaima pamenepo nthawi yaitali bwanji.

"Mumayesa ndine wakhungu?" anatero. "Ndinadziwa kalekale, mmene munasiyira kudya mazira muja. Ndimangodikira kuti mundiuze ngati munthu." Anaika mbale ija pansi. "Mwanayu mawa kusukulu ndimuperekeza ndine. Inu achimwene, kuntchito kwanu zitsulo sizithawa, muwaperekeze alamu. Ndipo musakavale patapata."

Madzulo amenewo anadya msanga. Kamtsikana kokha ndi kamene kankalankhula, kufotokoza za mnzake amene analira ataona tsitsi lake.

M'mawa mwake kusikelo kunali kodzaza. Amayi anali ndandanda pa mabenchi, ena akusenda nthochi, ena akuseka mnzawo amene mimba yake inali yaikulu moti ankati muli ana a sukulu yonse. Mwamuna wa Mlezi anakhala kumapeto kwa benchi, yekha wamwamuna, atakumbatira chikwama cha mkazi wake.

"Awa ndiye amuna," anatero mayi wina. "Anga ngakhale njira ya kuno saidziwa."

Dzina lake litaitanidwa, Mlezi analowa yekha. Mzamba anali mayi wachikulire wa magalasi, ndipo anali atauzidwa kale. Anamutenga magazi m'timabotolo tingapo, kuposa masiku onse, n'kutiika m'thumba lakelake. Kenako anamuuza kuti agone pabedi. Anamupaka mafuta ozizira pamimba n'kuyendetsapo kamakina komvetsera. Poyamba kanangolira phokoso ngati wailesi yosowa siteshoni, kenako kunamveka kugunda, kofulumira, kosadumphadumpha.

"Mwamumva mwini wakeyo? Ali pa liwiro," anatero mzambayo.

Mlezi anatseka maso, misozi n'kutsikira m'makutu.

Mzambayo anapukuta mafuta aja, n'kutenga tepi yoyezera. Anaika nsonga yake pafupa lapansi pa mimba, anafufuza ndi m'mbali mwa dzanja pamene chiberekero chathera, n'kuwerenga. Anakankhira magalasi m'mwamba. Anachotsa tepiyo, anafufuzanso ndi dzanja mofatsa, n'kuyezanso kachiwiri.

"Mwati mwezi wachingati?"

"Wachisanu."

"Mimbayi ikuoneka yochepa. Masiku munawerenga bwino, mayi? Ambiri amasokoneza."

"Ndinawerenga bwino."

"Mm." Mzambayo anapinda tepi ija pang'onopang'ono. "Ena amabisala kumsana, tepi n'kumatinamiza. Musayambe kudandaula. Mupite chipinda chakumapeto uko akakuunikeni pa sikani, akamuyeze bwinobwino mwiniwakeyo. Tsikani mosamala."

Atatuluka, mwamuna wake anaimirira msanga, chikwama chikadali pachifuwa.

"Ati bwanji?"

"Mtima ukugunda. Ndaumva ndekha."

"Eya! Nanga china?"

"Ati tipite ku sikani."

Anayenda limodzi mpaka kumapeto kwa khonde. Kumeneko kunali benchi ina, nayonso yodzaza, ndipo chitseko chinali chotseka. Mayi wina anasendeza dengu lake kuti awapatse malo. Anakhala pansi, mapewa atagundana, n'kumadikira kuti awaitane.